Kachotupa Kuseri kwa Magalasi

Anakumana pa siteji ya basi mvula ikuwaza. Telala, mtsikana wosoka madiresi, anadabwa kuona mnyamata atavala magalasi akuda bii.

"Achimwene, dzuwa lake mukulionera kuti?" anafunsa akuseka.

"Laima pambali pangapa, likundithobwa m'maso," anayankha mnyamatayo, yemwe anali wometa tsitsi.

Mtima wa Telala unangoti myaa!

Chikondi chinayaka. Foni sinkapuma. "Duwa langa, lero kasitomala ndamumeta mbali imodzi yokha poganiza za iwe." Wina uthenga: "Nthiti yanga, ndiwe wekha mpaka manda."

Koma magalasi aja sankachoka pamaso. Podya, magalasi. Pojambulitsa, magalasi. Akafunsidwa ankangoti, "Ndi sitayilo, wapamtima."

"Mng'ono wanga," mkulu wake wa Telala anachenjeza, "mwamuna wobisa maso amabisanso mkazi."

Tsiku lina kunabwera uthenga: "Lero sitionana, ntchito yandipanikiza." Telala anamva chisoni, nagula chakumwa chozizira kuti akamupatse. Kometerako anapeza mnzake wa wometa uja yekha akusesa tsitsi.

"Alamu, mwamuphonya. Wapitanso kwa nesi wake uja. Masiku ano sachokako."

Nesi wake? Malonjezo onse aja anali mphepo? Misozi ili chuchuchu, Telala analemba: "Zathu zathera pano. Magalasi akowo akukwatire!" Komabe miyendo inamutengera kuchipatala.

Atakankha chitseko, anaona nesi ataweramira wometa uja, atamugwira masaya ndi manja awiri.

"Musiyeni mwamuna wanga!"

Nesiyo anatembenuka. Anali mayi wa imvi mbuu.

"Mutengeni, mwanangu, wanditopetsa. Sitinayambe ntchito n'komwe, wayamba kale kuitana amake."

Magalasi anali patebulo. Pachikope chakumanzere cha wometa panali kachotupa ngati nyemba.

"Timabowo totulutsa mafuta m'chikopemu tinatsekeka," anafotokoza nesi. "Tinamuuza kuti azithowa ndi kansalu ka madzi ofunda, iye n'kumangobisa. Sikakuphwa, ndiye lero adokotala akachotsa."

"Ndimaopa kuti ukakaona undikana," wometa ananong'ona atazyolika.

"Ndiye ndalira msewu wonse, anthu akundiyang'ana ngati wamisala, chifukwa cha kanyemba aka?" Telala anafuna kukalipa, koma phwete linamupulumuka. "Diso lakumanjali ndi lokongola bwanji! Unkandimaniranji?"

Anamugwira dzanja mpaka adokotala anamaliza. Wometa anatuluka diso limodzi litamatidwa thonje. Pakhonde pomwepo, odwala ali pamzere, anagwada n'kutulutsa mphete m'thumba.

"Duwa langa, undilola?"

"Eya!"

Koma ndi diso limodzi chala sichinkapezeka. Anayesa koyamba, mphete inadutsa m'mphepo. Kachiwiri inakakamira pa chala chachikulu. Agogo ena pamzere anaseka mpaka kutsokomola.

"Bweretsa kuno, bambo iwe," anatero Telala akupukuta misozi. Anagwira dzanja la wometayo n'kulilondolera yekha, ndipo mphete inalowa bwinobwino.