Kope Lofiira la Agripina mu Fodya wa Norbert

Ine Maidei ndine mayi wa Mvano, za mizimu sindizikonda. Koma izi ndinaziona ndi maso angawa, masana dzuwa likuswa mtengo, mu Julaye 2008, kukomboni kwathu ku Ruda. Sheba, mnzanga wothyola naye tiyi, analipo. Akadali moyo, mukamufunse.

Mng'ono wanga Agripina ndiye yekha pakomboni yonse anafika kukoleji ya uphunzitsi ku Mutare, mwana wa wothyola tiyi wochokera ku Mulanje. Pobwerera anadza ndi bokosi lachitsulo. Munali zithunzi za timu ya netibo, makadi oitanira ku dansi, mapepala a nyimbo za kwaya, makalata a anzake, ndi kope lofiira lomwe ankalembamo zonse: amene anavina naye, amene anamukana, zimene ankanong'onezana kuhositelo.

Anamwalira mu Meyi atagona pamphasa zaka zisanu ndi ziwiri. Mwana wake Yeukai, wa zaka khumi ndi zitatu, ankangodziwa mayi wotsokomola, wotembenukira kukhoma. Nchifukwa chake Agripina anandigwira dzanja asanatsirizike. "Sisi, bokosilo ndi la Yeukai. Adzadziwe kuti inenso ndinali mtsikana."

Kwathu kuno katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka tsiku logawa, atawazidwa madzi a mankhwala. Ngakhale kamwana kamadziwa zimenezi. Koma mlongo wathu Norbert ananyamula bokosi mawa lake la maliro, ati akalisunge poopa chiswe. Chiswe chake ndi iyeyo! Chaka chimenecho m'masitolo a m'tauni yathu ya Hauna munali mashelefu okhaokha, ngakhale nyuzipepala yokulungira fodya inkasowa.

Lamlungu lina la Mgonero, ndili mu yunifomu, ndinatenga Yeukai ndi Sheba kukatenga bokosilo kwa Norbert. Tinamupeza ali pakhonde, bokosi lili yasa, kope lofiira lili pabondo. Anali atang'amba tsamba, akunyambita m'mphepete mwake.

"Norbert! Ukusuta m'bale wako?"

"Aa sisi, musachite kukuwa. Ndi zamadansi izi. Satifiketi sindinaikhudze."

Ndinasuzumira m'bokosi, mtima unandiwawa. Makalata onse kulibe. Nyimbo za kwaya kulibe. Zithunzi zinapulumuka chifukwa pepala lake sililola kukulunga. Munthu wamkulu, waimvi, dikoni wa dzulodzulo! Ndikumulalatira choncho, iye anatola khala pambaula nkuyatsa, pamaso pa mwana.

Anakoka kamodzi. Utsi unatuluka, koma fungo silinali la fodya. Linali la polishi wa pansi, ndi mafuta onunkhira amene Agripina ankadzola akabwera kutchuthi.

Wailesi ya nyumba yoyandikana inazima. Nkhuku zinasiya kupalasa.

"Maidei," Sheba ananong'ona. "Taona maso ake."

Maso a Norbert anali tong'o, osaphethira. Kenako anaseka. Sikunali kuseka kwake. Kunali kuseka kwa mtsikana, kokwera m'mwamba, kothera m'mphuno, uku akudzimenya pantchafu. Ndinakulira mphasa imodzi ndi kuseka kumeneko.

"Vongai, gwira nsapato zanga," pakamwa pa Norbert panatero, mwa mawu aang'ono. "Ndidumphe kaye mpanda. Fulumira iwe, bandi yayamba!"

Vongai anali mnzake wa chipinda chimodzi kukoleji. Norbert sanamuonepo.

Ndudu inapsa mpaka kuzala. Inagwa. Wailesi inayambanso.

"Mukundiyang'ana chiyani?" Norbert anafunsa akutsokomola.

Sanakumbuke kanthu. Sheba atamufotokozera, thukuta linamutsika, nkuulula kuti wakhala akusutira kuseri kwa nthochi kuyambira mu Meyi, poopa kuti anzake angamupemphe. Ndiye kuti miyezi iwiri mng'ono wanga ankaseka, kuimba, kutchula anzake, omumva nthochi ndi chimbudzi. Ndikaganiza zimenezi mpaka pano ndimapsa mtima.

Ndinamulanda kope. Munatsala masamba khumi ndi limodzi. Ndikulilowetsa m'bulauzi, Yeukai anandigwira pamkono. Iye amanditchula Maiguru, kutanthauza mayi wamkulu.

"Maiguru, ng'ambani tsamba lina."

"Likapsa latha, mwanawe. Awa ndi otsala okha."

"Ndikudziwa. Koma sindinawamvepo akuseka."

Yeukai anagwada pamaso pa amalume ake, kuwapempha kuti asutenso. Norbert, wolimba mtima pong'amba, anadumpha khonde nkuthawira m'tiyi, nsapato kusiya. Mwanayo anatola thumba la fodya kuti akulunge yekha.

Ndinamulanda thumbalo. Ine amene sindinakhudzepo fodya chibadwire, ndili mu bulauzi yoyera, nditangodya Mgonero, ndinang'amba tsamba ndi dzanja langali. Sheba anakulunga. Ndinakoka kamodzi.

Chimene ndikukumbuka ndi fungo la polishi basi.

Nditatsitsimuka mthunzi unali utafika pambaula. Ntchafu yanga inkawawa. Yeukai anali atandikumbatira m'chiuno, akuseka, misozi ili mbwee. Sheba anali atafunda chitenje kumutu.

Norbert sindimulonjera mpaka lero. Masamba khumi ali ndi Yeukai. Ndawafunsa onse awiri, iye ndi Sheba, kosawerengeka kuti pakamwa pangapa panatuluka chiyani tsiku limenelo. Sheba amangoyang'ana pansi. Yeukai amati, "Amayi sanali kulankhula ndi inu, Maiguru."