Funde la Minori

Minori ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuima pa funde.

Kwawo kunali ku Miyazaki, pafupi ndi nyanja. Minori anali ndi thabwa lokwerera mafunde. Linali lachikasu. Linali lofewa. Linali lalitali kuposa iye.

Kugona pa thabwa ankatha. Kugwada pa thabwa ankatha. Koma akati aime, chubwi, m'madzi. Akati ayesenso, chubwi, m'madzi.

Tsiku lina dzuwa linatuluka bwino. Sukulu inali itatsekera. Nyenje zinkalira m'mitengo. Amayi ake anabwera kuchokera kugombe akuthamanga.

"Minori, dzuka," anatero Amayi. "Lero mafunde ndi a msinkhu wako."

Minori anadzambatuka. Anavala malaya motembenuza. Anavula. Anavalanso.

Amayi ake anali katswiri wa mafunde. Abambo ake ayi. Iwo ankaopa madzi opitirira m'mawondo. Ananyamula mibulu ya mpunga, chivwende ndi tiyi wozizira.

"Ine ntchito yanga ndi kulondera chakudya," anatero Abambo.

"Kulondera kapena kudya?" anafunsa Amayi.

"Zonse ziwiri."

Pagombe panali mbendera ziwiri. Pakati pa mbendera panali pa osambira. Kunja kwa mbendera kunali kwa a matabwa.

Pakati pa mbendera panali Gaku. Gaku anali wa m'kalasi mwa Minori. Anali ndi magalasi osambirira obiriwira. Analinso ndi pakamwa.

"Minori," anaitana Gaku, "lero usamwe madzi onse. Utisiyireko nyanja."

"Iwe umasambira ngati chule wokhuta," anatero Minori.

"Komatu chule sagwa."

Minori anamutulutsira lilime. Anapaka phula pa thabwa kuti asaterereke. Anamanga chingwe cha thabwa kumwendo. Kenako analowa m'madzi ndi Amayi.

Anagona pa thabwa. Anapalasa ndi manja. Palasa, palasa, palasa.

Anafika kumene mafunde amayambira. Kumeneko anthu anali atakhala pa matabwa awo. Onse ankayang'ana kunyanja. Onse ankadikira.

Pakati pawo panali a Hidaka. A Hidaka anali nkhalamba ya imvi mbuu. Thabwa lawo linali lalitali ngati bwato.

"Mwadzuka bwanji, Agogo?" anatero Minori.

"Ndadzuka, mwana wanga. Mafupa okha ndiwo sanadzuke."

Funde linabwera. Linali lokongola. Minori sanayang'ane uku. Sanayang'ane uko. Anangotembenuza thabwa. Palasa, palasa, palasa.

"Hoi, hoi," mawu anamveka kumbuyo.

Anali a Hidaka. Iwo anali ataima kale pa funde lomwelo. Minori anali atawatsekera njira.

A Hidaka anakhotetsa thabwa lawo msanga. Chubwi, m'madzi. Minori naye chubwi, m'madzi. Funde linapita lokha. Linapita lopanda munthu.

Amayi anafika pafupi ndi Minori.

"Funde limodzi, munthu mmodzi," anatero Amayi.

"Komatu ndinaliona, Amayi."

"Tonse tinaliona. Funde limayamba kusweka mbali imodzi. Pamenepo pamatuluka thovu. Amene ali pafupi ndi thovu, funde ndi lake."

"Ndiye linali la Agogo?"

"Linali la Agogo."

Minori anachita manyazi. Anapalasa pang'onopang'ono mpaka kwa a Hidaka. Anakhala tsonga pa thabwa.

"Pepani, Agogo," anatero. "Ndakulandani funde."

Anawerama mwaulemu. Anaweramitsa. Thabwa linapendekeka. Chubwi, m'madzi.

A Hidaka anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Kupepesa kofika mpaka pansi pa nyanja," anatero. "Basi, ndakhululuka. Kwera, tidikire limodzi."

Minori anadikira.

Funde linabwera. Linali la mayi wa chipewa chofiira. Funde lina linabwera. Linali la Amayi. Lina linabwera. Linali la a Hidaka.

Minori ankangotekeseka pa thabwa.

"Amayi, langa lifika liti?"

"Lifika. Nyanja siisowa mafunde. Likafika, uyang'ane uku. Uyang'ane uko. Uyang'anenso kutsogolo."

"Kutsogolo kuli chiyani?"

"Mwina wosambira. Iwe uli ndi thabwa. Iye ali ndi mutu wokha. Wosambira timamupatukira."

"Ngakhale funde lili langa?"

"Ngakhale lili lako. Ndipo thabwa sitilitaya. Thabwa lotayidwa limathamanga lokha."

Minori anagwedeza mutu. Anayang'ananso kunyanja.

Kutali madzi anatukumuka. Anakwera. Anakweranso. Funde linkabwera. Linkabwera molunjika kwa Minori.

Minori anayang'ana uku. Kunalibe munthu. Anayang'ana uko. A Hidaka anali kutali ndi thovu. Anayang'ana kutsogolo. Kunali madzi okhaokha.

"Ndi lako," anatero Amayi. "Palasa."

Palasa, palasa, palasa. Funde linanyamula thabwa. Thabwa linathamanga. Minori anatsamira manja. Anaponda phazi limodzi. Anaponda linzake.

Anaima.

Anaima njo. Sanagwe. Mphepo inkamuwomba kumaso. Madzi ankalira pansi pa thabwa, shwee. Sanagwe.

"Ndaima! Amayi, ndaima!"

Kenako anaona kanthu kutsogolo. Kanali kakuda. Kanali kozungulira. Kanatumphuka m'madzi.

Unali mutu wa munthu.

Anali Gaku. Analibe magalasi ake. Ankatikita m'maso. Ankatsokomola. Thabwa sankaliona.

"Gaku, choka!" anakuwa Minori.

Gaku sanamve. Funde linkachita phokoso.

Minori sankadziwa kukhota. Anali asanaphunzire. Chingwe chinali chachitali. Akadumpha, thabwa lipita lokha. Lipita pamutu pa Gaku.

Funde linali lake. Linali loyamba. Linali lokoma. Koma mutu wa Gaku unali pafupi. Unali pafupi kwambiri.

Minori anadzigwetsa pa thabwa. Analikumbatira ndi manja onse. Analikumbatira ndi miyendo yomwe. Anagubuduka nalo cham'mbali.

Funde linamukwirira. Linamuzunguza. Linamuzunguzanso. Thabwa linamugunda pakamwa, kho. Minori sanalitaye.

Kenako anatumphuka. Anapuma. Thabwa linali m'manja mwake. Gaku anali pambali pake. Thabwa silinamukhudze.

"Gwira apa," anatero Minori.

Gaku anagwira thabwa.

Amayi anafika msanga. Anakankha thabwa ndi ana onse awiri. Anawakankha mpaka kumchenga. Mlonda wa pagombe anabwera akuthamanga. Abambo nawo anabwera, mbulu wa mpunga uli m'manja.

"Wavulala ndani?" anafunsa Abambo.

"Palibe," anatero Amayi. "Gaku, unafika bwanji kuja?"

"Funde linandivula magalasi," anatero Gaku. "Ndinawatsatira. Madzi anandikoka. Mbendera sindinazione."

Mlonda anagwada pafupi naye.

"Magalasi akapita, asiye apite," anatero mlonda. "Iwe ukhale pakati pa mbendera. Madzi akakukoka, kweza dzanja. Tikuona. A matabwa nawo akuona. Wamva?"

"Ndamva," anatero Gaku.

Minori anayang'ana kunyanja. Maso ake anadzaza misozi. Funde lake linali litapita.

Kenako anamva kanthu m'kamwa. Kanali kolimba ngati kamwala. Analavulira m'dzanja.

Linali dzino.

Linali lam'munsi. Linali litayamba kale kugwedera. Linali laling'ono ngati njere ya mpunga.

Minori anapisa lilime pa mpata. Panali pofewa. Panali pamchere.

"Ababa, taonani."

"Ha," anatero Abambo. "Ndalinyengerera dzino limeneli mpaka kutopa. Nyanja yangolizula ulere."

Minori anayamba kuseka. Misozi inali ikadali m'masaya. Abambo anakulunga dzino m'kampango. Analiika m'thumba la malaya.

Gaku anaima. Anawerama. Anawerama kwambiri.

"Pepa, Minori. Ndakuwonongera funde."

"Unandiona nditaima?"

"Ayi. M'maso munali mchere."

"Ndiye khala apa. Utsegule maso."

Amayi anayang'ana m'kamwa mwa Minori. Magazi anali atasiya. Anamupatsa tiyi wozizira kuti achukuche.

"Tipume kaye?" anafunsa Amayi.

"Ayi, Amayi. Tiyeni."

Analowanso m'madzi. Palasa, palasa, palasa.

Anthu a matabwa anali ataona zonse. Mayi wa chipewa chofiira anamenya madzi ndi dzanja, pha, pha, pha. Ena nawonso anamenya madzi. Minori anamwetulira. Mpata wa dzino unaonekera.

Funde linabwera. Linali lalitali. Linali losalala. Linaposa onse a m'mawa umenewo.

Minori anayang'ana uku. A Hidaka anali pafupi ndi thovu. Funde linali lawo. Minori anaika manja pa thabwa. Sanapalase.

A Hidaka nawo sanapalase.

"Agogo, ndi lanu," anatero Minori.

"Ndi langadi. Ndiye ndikupatsa. Pita, mwana wanga."

Minori anatembenuza thabwa. Anayang'ana uko. Kunalibe munthu. Anayang'ana kutsogolo. Kunalibe mutu. Gaku anali pamchenga. Osambira onse anali pakati pa mbendera.

Palasa, palasa, palasa.

Funde linanyamula thabwa. Phazi limodzi. Phazi linzake.

Minori anaima.

Anatambasula manja. Thabwa linathamanga. Linathamanga ngati likuuluka. Mphepo inalowa pa mpata wa dzino. Inkaimba likhweru, fyoo. Minori anaona nsomba zing'onozing'ono pansi. Anaona mchenga ukuyandikira. Anaona Gaku akudumphadumpha.

Sanagwe. Anapita. Anapitabe. Anapita mpaka thabwa linakhudza mchenga, tswee.

Minori anatsika yekha.

Abambo anathamangira m'madzi. Anaiwala kuvula nsapato. Anaiwala kuti amaopa. Madzi anawafika m'chiuno. Kafunde kakang'ono kanawagwetsa. Chubwi.

"Dzino langa, Ababa!"

Abambo anadzuka ali chonyowa. Anagwira pathumba.

"Lilipo," anatero. "Koma mpunga wanga wapita."

Onse anakhala pamchenga. Amayi anadula chivwende. Anaitana a Hidaka. Anaitana Gaku. Minori ankaluma ndi mano am'mbali. Gaku ankalavula njere kutali.

"Unaima bwino," anatero Gaku. "Koma unkaoneka ngati khwangwala wonyowa."

"Chule iwe, idya chivwende."

"Mawa undiphunzitsa?"

"Ndikuphunzitsa. Koma uyambe ndi kudikira."

Madzulo anabwerera kunyumba. Amayi anatsuka matabwa. Abambo anayanika nsapato. Kenako anatulutsa kampango kaja.

Kwawoko, dzino lam'munsi likazuka limaponyedwa padenga. Likatero, latsopano limamera choongoka.

Minori anaima pabwalo. Anagundanitsa mapazi. Anagwira dzino ndi zala ziwiri.

"Khoswe, khoswe," anatero, "tenga dzino langa. Undipatse lako lolimba."

Anaponya. Dzino linagunda khoma. Linagwera m'maluwa.

Onse atatu anagwada. Anafunafuna. Amayi analipeza pansi pa tsamba.

Abambo ananyamula Minori. Anamuika pamapewa. Denga linali pafupi tsopano.

Minori anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Mphaka anali atagona padenga.

"Dikirani, Ababa. Pali mwini wake."

Anadikira. Mphaka anayasamula. Anadziwongola. Anachoka mosafulumira.

Minori anaponya. Dzino linauluka. Linagwera padenga, ke, ke, ke. Linakhala pomwepo.

Amayi anawomba m'manja. Abambo anavina, Minori ali pamapewa. Minori anagwira tsitsi lawo. Anaseka pakamwa ponse, ndi mpata womwe.