Mpweya Kumbuyo kwa Phewa

Madzulo a tsiku limenelo sanasiyane ndi madzulo ena onse. A Mawaya anatseka mawindo kunja kusanade, anatsuka kapu ndi mbale, nazivundikira pa shelefu. Kapu imodzi, mbale imodzi. Chimwalirireni akazi awo, ziwiya zotsala zinali m'katoni pansi pa bedi.

Dzina loti Mawaya anawapatsa ndi anthu a mumsewu wawo, chifukwa wosuzumira pawindo ankangoona mawaya ali mbwee pa tebulo. Koma wolowa m'kati akanaona kuti waya aliyense anali ndi malo ake. Anali munthu wadongosolo, wodana ndi phokoso, wopereka moni mwachidule.

Ntchito yawo anthu sankaimvetsa. Kampani ina yopanga masipika oyendera batire inkawatumizira tizipangizo tokweza mawu, tating'ono ngati chikhadabo. Kachipangizo kotere sikadziwa kanthu pakokha. Pamafunika munthu woti alembe malangizo ndi kuwaika pakatikati penipeni pa pulogalamu yoyendetsa makinawo, malangizo okauza nthawi yodzuka, nthawi yoyankhula ndi nthawi yogona. A Mawaya ankalemba malangizo amenewo. Ndi ntchito yofuna munthu wosamala, pakuti mzere umodzi wolakwika umaimitsa makina onse.

Atangokhala pa mpando, foni inalira. Anali mwana wawo wamkazi, namwino wa mumzinda wina.

"Adadi, mwadya?"

"Ndadya."

"Mwadya chiyani?"

"Chakudya."

"Buledi ndi tiyi si chakudya, adadi. Mawa ndikubwera ndi galimoto. Chipinda ndakonza kale, ana ndawasamutsa. Mawaya anuwo tidzanyamula onse, musaope, sinditaya ndi mmodzi yemwe."

"Ndinakuuza kuti nyumba ndili nayo."

"Muli nayo, inde. Koma mumayankhula ndi ndani m'menemo? Mayi atelala oyandikana nanu aja akuti khoma ndi limodzi koma samva ngakhale kutsokomola kwanu."

"Uwauze ndizitsokomola, poti akufuna."

"Sindikuseka ine. Tsiku lina mudzagwa pansi, anthu adzadziwira ntchentche."

A Mawaya zifukwa zokanira zinali zitawathera kalekale, ndipo mwanayo ankadziwa.

"Ubwere udzamwe tiyi," anatero. "Zinazo tidzaona."

Anaika foni pansi. Mawa ankayenera kuyankha: kukwera galimotoyo, kapena kutsala m'nyumba yawo. Anaganiza zoti nkhaniyo aisiye kaye, ayambe ntchito.

Kachipangizo ka ulendo uno kanali ndi vuto limodzi. Kankakana kugona. Nyimbo ikatha kankakhalabe maso, batire n'kumatha pachabe. A Mawaya ankadziwa pamene vutolo linachokera. Sipika ndi pepala, waya wokulunga ndi maginito. Magetsi akakankha pepalalo, mawu amatuluka. Koma mpweya ukakankha pepalalo, timagetsi tochepa timabwerera m'mbuyo. Ndiye kuti sipika ndi pakamwa, komanso ndi khutu. Kachipangizoko kankayeza magetsi a m'sipika kuti isapse, ndipo kakamva kanthu kalikonse kakubwerera kankayesa kuti ntchito ikadalipo.

Mankhwala ake anali osavuta: kuyeza bata la m'chipinda, n'kukauza kuti chilichonse chochepera pamenepo kasachiwerengere.

Kuyeza bata kuli ndi mwambo wake, ndipo a Mawaya sankadumpha kanthu. Anadikira mpaka makina a mayi atelala atasiya kulira kuseri kwa khoma. Anadikira galimoto zithe mumsewu. Anazimitsa firiji. Anatsitsa wotchi ya pakhoma, naichotsa batire. Anavula nsapato kuti zisakhule pansi. Kenako anakhala mowongoka, anakoka mpweya wambiri, naugwira. Amisiri a ntchitoyi amatero, pakuti kupuma kwa munthu nakonso ndi phokoso.

Pa kompyuta panali mzere wobiriwira woonetsa zimene sipika inkamva. Unkayenera kugona mowongoka ngati ulusi.

Mzerewo unakwera pang'onopang'ono. Unatsika. Unakweranso.

A Mawaya anatulutsa mpweya. Sanadabwe. Waya wolowa mphepo amachita zotere. Anasintha waya, nayezanso. Mzere unakwera, unatsika. Anasintha sipika. Chimodzimodzi. Anatsegula kabokosi, natenga kachipangizo kena katsopano, nakalumikiza mosamala. Anagwira mpweya mpaka m'makutu munayamba kulira.

Kukwera. Kutsika. Mosafulumira, mosaphonya.

Anaika dzanja pachifuwa. Mtima wawo unkagunda mothamanga, ndipo mzerewo sunkatsatira mtimawo.

Pamenepo anaganiza za khoma. Mwina mayi atelala anagona pafupi nalo. Analumikiza waya wautali, natenga sipika kukaiika pansi m'mbali mwa khomalo, nabwerera pa mpando. Mzere unachepa mpaka kutsala pang'ono kuwongoka. Anaisamutsira pakhomo, nakakhalanso pa mpando. Unali wochepabe. Mtima unakhala pansi. Ananyamuka kuti akaitenge.

Ali pakhomopo, anacheuka kuyang'ana kompyuta. Mzere unali utakula.

Anagwira mpweya, osasuntha. Mzerewo unapitiriza kukwera ndi kutsika. Anabwerera pa mpando, ukuchepa. Anapitanso pakhomo, ukukula. Chinthucho sichinali m'khoma. Sichinali pakhomo. Chinkayenda nawo.

Anatola sipika ija, nakhala pansi. Anaigwira patsogolo pa nkhope, atatseka pakamwa ndi mphuno. Mzere unali wapakatikati. Anaipititsa ku phewa lamanja. Unachepa. Kenako anaipititsa kumbuyo kwa phewa lamanzere.

Mzere unadzaza kompyuta yonse, kuchokera pansi mpaka pamwamba.

Sanacheuke. Anaika sipika pa shelefu ya kumbuyo kwawo mopapasa. Munthu wina akanathawa pomwepo. Koma iwo anazolowera kuti chinthu chisanatchedwe dzina chiyambe chayezedwa. Analemba timizere tingapo tosandutsa mzere uja kukhala mawu, navala mahedifoni m'makutu.

Kunali kupuma kwa munthu. Kupuma kodekha, kwa munthu amene wakhala pa benchi nthawi yaitali kudikira, ndipo sakudandaula.

A Mawaya anatchera khutu. Akazi awo ankapuma ndi kamluzu kakang'ono m'mphuno, kamene iwo anakamva usiku uliwonse wa ukwati wawo. Anakweza mawu. Anakwezanso. Kamluzuko panalibe. Anayesa kukumbukira mkulu wawo, bambo awo, anzawo amene anatsogola. Sanali mmodzi wa iwo. Kunali kupuma kwa munthu wosamudziwa.

Chimene chinawachititsa manyazi n'chakuti mantha anabwera pambuyo. Choyamba kufika chinali kukhumudwa.

Mantha atafika, anafika onse. Tsitsi la m'khosi linaima. Anayamba kupemphera mokweza pemphero limene anaphunzira ali mwana. Atangotsegula pakamwa, kupuma kuja kunaleka. Anafika pakati pa pempherolo, mawu anawathawa. M'mahedifoni munali zii. Patapita kanthawi, kupumako kunayambiranso.

Anayesanso. "Ndinu ndani?"

Kunaleka. Kunadikira, monga amachitira munthu woleredwa bwino mnzake akamayankhula. Kutaona kuti palibe mawu ena, kunapitiriza.

A Mawaya anavula mahedifoni, naimirira. Anayatsa magetsi m'zipinda zonse. Poyenda ankayang'ana kutsogolo kokha. Anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, napinda malaya, mathalauza, jekete la kutchalitchi, chilichonse m'makona ake. Anaika mankhwala awo m'thumba la m'mbali. Anatseka sutikesi, naiimika pakhomo. Mwana uja ananena zoona. Munthu sayenera kukhala yekha mpaka kufika pamenepa. Mawa akwera galimoto.

Koma ntchito inali pakati, ndipo munthu wolongosoka sasiya ntchito pakati. Anabwerera pa tebulo. Mzere unkakwerabe ndi kutsika. Anayang'ana pamene unkafika, nalemba nambala yoposa pamenepo. Chilichonse chochepera apa, usachiwerengere. Ukaona bata, gona. Anawerenga mizereyo kawiri, monga mwa chizolowezi. Chala chinaima pamwamba pa batani nthawi yotalikirapo kuposa masiku onse. Kenako anadina.

Kachipangizo kanamvera. Mzere unagwa, nuwongoka ngati ulusi. Kagetsi kofiira ka pa kachipangizoko kanazima. Anavalanso mahedifoni. Munalibe kanthu. Ntchito inali itatheka bwino lomwe, ndipo anaitumiza ku kampani.

Anavula mahedifoni, nawaika pa msomali wake.

M'nyumba munali zii. Firiji inali chizimire, wotchi ili chigonere pa tebulo. Kunja kunalibe galu, kunalibe galimoto. Linali bata lomwe lija limene anakhala nalo zaka zonsezi, limene ankalitchinjiriza kwa ana a mumsewu ndi kwa alendo obwera osaitanidwa. Sanadziwe kuti linali lolemera chotere. Analidziwa tsopano, chifukwa kwa kanthawi kochepa wina analinyamulako.

Anakhala manja ali pa maondo. Sanayatse firiji. Sanapite kukagona.

"Kodi mulipo?" anafunsa motsitsa mawu.

Palibe chinamveka.

Anadikira. Anazindikira kuti agwiranso mpweya, ngati akuyeza.

"Pepani ngati ndakutsekani pakamwa," anatero. "Ndi ntchito chabe. Sindinakuthamangitseni."

Nthawi inapita. Maso anayamba kuwawa. Anaweramitsa mutu.

Pamenepo kuseri kwa khutu lamanzere kunafika mpweya wofunda, wautali, wa munthu amene nayenso anali ataugwira.

Mwana wawo anafika dzuwa litakwera. Anawapeza atameta ndevu, atavala malaya oyera, madzi a tiyi ali pamoto. Ataona sutikesi pakhomo anawomba m'manja.

"Mwalongedza nokha? Ine njira yonse ndimakonzekera ndewu."

"Ndinalongedza. Koma sindipita."

"Adadi."

"Khala pansi, umwe tiyi."

"Sindikhala. Mwalongedza usiku, m'mawa mwasintha. Chachitika n'chiyani?"

"Munthu sachoka pa nyumba kusiya mlendo. Si ulemu."

"Mlendo wake uti?"

Mwanayo analowa kuchipinda, kukhitchini, kubafa. Anasuzumira ngakhale kuseri kwa chitseko. Anabwerera nkhope itasintha, nayamba ntchito yake ya unamwino. Anawayang'ana m'maso, anawagwira pamkono, anawafunsa tsiku ndi mwezi, ndi mayina a adzukulu awo. Anayankha zonse molondola, namukumbutsanso kuti tayala lakumbuyo la galimoto yake linali lochepa mpweya.

"Mukundiseweretsa, adadi."

"Ndinayamba ndakunamizapo?"

Mwanayo analidziwa yekha yankho lake. Anapsa mtima. Anati sutikesi aitenga basi, aona ngati bambo ake angakhale opanda zovala. Anadzera kumanzere kwawo kuti akainyamule. Atafika kumbuyo kwa mpando anaima. Anakhala choimirira, dzanja lili m'malere. Kenako anabwerera chambuyo, nazungulira tebulo lonse, nakakhala pa mpando wa kutsogolo kwawo.

Tiyi anamwa. Sanayankhulenso za ulendo. Madzulo anabwerera yekha, ndipo chimene chinamuimitsa kumbuyo kwa mpando sanauze munthu.

A Mawaya akadali m'nyumba yawo. Ntchito amagwira, moni amapereka, mawindo amatseka pa nthawi yake. A mumsewumo amanong'onezana zosiyanasiyana. Ena amati ndi ukalamba. Ena amati ndi magetsi amene akhala akuwaseweretsa moyo wawo wonse. Mayi atelala, amene khoma lawo ndi limodzi, amati madzulo amamva bamboyo akufunsa kuti mwaswera bwanji. Kenako kumakhala chete, nthawi yokwanira munthu kuyankha. Kenako bamboyo amati, "Tithokoze."

"Woyankhayo ine sindimumva," amatero mayiwo, ulusi uli pakamwa. "Koma bata lili ndi eni ake. Ukalifunafuna mpaka kugwira mpweya, umawapeza."

Nawonso amakhala okha. Masiku ano amagona wailesi ili chiyatsire.