Amene Anagogoda kwa Bambo ndi Mawu Anga

Tsiku limenelo ndinaweruka mochedwa. Ndimagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ndipo Lachinayi timalandira katundu. Ndinafika kunyumba miyendo ili ngati yobwereka. Ndinavula nsapato, n'kuteleka madzi osamba, n'kukhala pampando foni ili m'manja. Munali mauthenga a mawu asanu ndi awiri, onse ochokera kwa bambo.

Bambo anga anali okonza mawotchi. Anakhala zaka makumi atatu pakhonde la sitolo ina, kagalasi kali padiso, mpaka anthu anayamba kuona nthawi pa foni. Mayi atamwalira, ine ndi achimwene anga amene ali kunja kwa dziko tinawagulira foni yamakono. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Ndiye mwandigulira mdani yemwe anandichotsa ntchito?" Kulemba kunkawavuta chifukwa cha maso. Koma atadziwa kudina kabatani n'kulankhula, tinalibenso mtendere. Ankatiuza za mvula, za bondo lawo, za mphaka wa aneba amene ankagona m'bokosi la zipangizo zawo.

Kuchokera kumene ndimakhala kukafika kwa bambo ndi maola asanu ndi limodzi pa basi. Kale ndinkapita mwezi uliwonse. Foni itabwera ndinayamba kupita kawiri pachaka, kenako kamodzi. Panthawi imene ndikunenayi panali patatha zaka ziwiri ndisanapondeko. Ndinkadziuza kuti palibe vuto, timalankhulana tsiku ndi tsiku. Koma zoona zake, mauthenga awo ndinkawamvera ndikutsuka mbale, ena osawamaliza. Mayankho anga ankakhala omwewomwewo. "Bambo, ndi ine. Ndamva." "Ndatopa lero, tilankhulana mawa."

Usiku umenewo ndinawamvera onse chifukwa ndinalibe mphamvu yodzuka pampando. Asanu oyamba anali a masiku onse. Magetsi azima kuyambira masana. Mphaka waswa ana atatu. Wachisanu ndi chimodzi anautumiza cha m'ma 10 usiku, ndipo mawu awo anali osangalala. Akakondwa ankanditchula kuti mayi wawo.

"Mayi wanga, bwanji osanena kuti ukubwera? Ndakumva ukulankhula kumsewuko. Ndikanasesa kuchipinda kwako."

Ndinaseka ndekha. Ndinati makutu a nkhalamba ayamba kunama.

Womaliza unali utangolowa mphindi zinayi zapitazo. Unali waufupi. Bambo sanalankhule, ankangopuma pafupi ndi foni. Kenako kunamveka kugogoda katatu, kosafulumira. Ndiyeno mawu a mkazi, chapatali, ngati kuseri kwa chitseko.

"Bambo, ndi ine."

Ndinaubwereza katatu. Palibe munthu amene amakonda mawu ake akajambulidwa, n'chifukwa chake sawasokoneza ndi a wina. Anali anga. Ngakhale kusasa kwa chimfine chimene ndinadwala sabata yapitayo kunalimo.

Ndinawaimbira pa vidiyo. Anayankha monga mwa nthawi zonse, ine n'kumaona mphumi ndi denga basi. Kandulo ankawala kumbali.

"Iwenso, ukuimbiranji uli pakhomo pomwepa?" anatero. "Dikira, ndikufunafuna kiyi. Ndaiwala pomwe ndaika."

"Bambo, tsitsani foni mundione."

Anatsitsa. Nkhope yawo inadzaza galasi lonse la foni, maso atatsinzinira.

"Ine ndili kwanga. Taonani." Ndinazunguliza foni pang'onopang'ono. Ndinawaonetsa khoma, yunifolomu yanga ili pa hang'ala, ketulo ikuwira.

Anayang'anitsitsa. Asanayankhe, kugogoda kunabweranso, katatu.

"Bambo, ndi ine. Ndatopa lero."

Bambo anacheukira kuchitseko, n'kuyang'ananso ine, n'kucheukanso.

"Musatsegule," ndinatero. "Bambo, mukundimva? Musatsegule."

"Nanga ndi ndani ameneyu?"

Ndinaganiza mwachangu. Kuntchito tinkamva za anthu oba mawu a munthu pa foni n'kumapusitsira makolo ake. Ndinagwira maganizo amenewo ndi manja awiri, chifukwa anali ndi mutu ndi miyendo.

"Ndi akuba. Apeza mauthenga amene ndimakutumizirani, akuwaliza pa sipika."

"Adzaba chiyani muno? Mawotchi akufa?" Anayesa kuseka koma sizinatheke.

"Mufunseni funso. Chinthu chimene ndingadziwe ine ndekha."

Anasendera kufupi ndi chitseko. Ndinaona mpiringidzo wachitsulo uli m'malo mwake, kalendala ya chaka chatha ili pakhoma, ambulera ya mayi ili pamsomali. Anakweza mawu.

"Iwe uli panjawe! Mayi ako ankakutcha dzina lanji uli mwana?"

Panapita kanthawi. Kunalibe galu wouwa, kunalibe galimoto. Msewu umenewo ndimaudziwa, agalu ake sagona. Usiku umenewo kunali zii.

"Ndamva," mawu aja anatero. "Tilankhulana mawa."

Kenako anaseka. Kunali kuseka kwanga, kumene ndinaseka tsiku lina bambo atandiuza kuti mphaka wawabera sokosi.

"Mwaona?" ndinatero, mtima ukutsika pang'ono. "Sangayankhe. Ali ndi zokhazo zimene ndinatumiza."

Ndisanamalize, mawu aja analankhulanso. Ulendo uno anali pafupi kwambiri, ngati pakamwa pagundika ndi kabowo ka kiyi.

"Bambo, mumanditopetsa. Tsiku lililonse bondo, bondo. Kodi ine ndilibe moyo wanga?"

Mawu amenewo ndinawalankhuladi. Panali patatha mwezi, tsiku limene abwana anandikalipira pamaso pa makasitomala. Ndinawajambula ndili m'bafa, ndikulira ndi mkwiyo. Koma sindinawatumize. Ndinawafufuta nthawi yomweyo. Panalibe munthu padziko amene anawamvapo.

Bambo anayang'ana foni. Sanakwiye. Anangonyowetsa milomo, monga ankachitira wotchi ikawakanika.

"Amenewa sunanditumizirepo," anatero motsitsa.

"Bambo, pepani. Ndidzakufotokozerani. Chokani pachitsekopo, mukakhale kuchipinda."

"Moto watsala pang'ono m'foni muno. Pafiira."

Ndinatenga kafoni kakang'ono ka kuntchito n'kuimbira a Kalipentala, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi ya bambo. Kanaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso. Anayankha ndi mawu atulo.

"Achimwene, pepani usiku uno. Tasuzumirani pawindo. Pakhomo la bambo pali munthu?"

Ndinamva bedi likulira, kenako katani akukokedwa.

"Alipo," ananong'ona. "Mzimayi. Msinkhu ngati wanu womwewo. Waima, mphumi wagunditsa chitseko."

"Ali ndi sipika? Ali ndi anzake?"

"Ali yekha. Alibe kanthu. Manja ali m'mbali." Anatsitsanso mawu. "Achemwali, nkhope yake ikuwala ngati munthu woyang'ana foni mumdima. Koma foni palibe."

Pa foni inayo, m'nyumba mwa bambo, kugogoda kunamvekanso. Katatu.

"Akugogodatu," ndinatero.

"Ndikumva," anayankha a Kalipentala. "Koma manja sanasunthe."

Ndinawachonderera kuti atuluke. Anati, "Ine ndili ndi ana aang'ono. Ndekha ayi. Dikirani ndidzutse anzanga pagulu la aneba." Ndinamva akudina foni, akazi awo akufunsa kuti kwagwanji.

Ndinabwerera kwa bambo. Sanapite kuchipinda. Anali atakoka mpando n'kukhala moyang'ana chitseko, foni ili pabondo. Ndinkawaona kuchokera pansi: chibwano, mphuno, mthunzi wa kandulo ukuvina padenga.

"Kukuzizira kunjaku," anatero.

"Bambo, si ine ameneyo!"

"Wayamba kulira."

Ndinatchera khutu. Zinali zoona. Kuseri kwa chitseko munthu ankasisima motsitsa, mmene ndimalirira ine ndikafuna kuti wina asamve.

"Bambo, ndiyang'aneni. Ndine pano. Ndikwera basi yoyamba, masana ndikhala nditafika. Ingodikirani a Kalipentala."

Anatsitsa maso n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapisa dzanja m'thumba la malaya.

"Taona," anatero. "Kiyi uja anali muno nthawi yonseyi."

Galasi linada.

Ndinaimba kakhumi. Foni yawo inali itazima. Ndinakuwira a Kalipentala pa kafoni ka kuntchito kaja kuti athamange. Anatuluka ndi amuna ena awiri, wina atanyamula tochi, wina chitsulo cha galimoto. Iwo amati sipanathe mphindi zitatu. Anapeza chitseko chili pululu. Kandulo ankayakabe patebulo. Foni inali pampando, nsapato za bambo zili pansi pake. Anawalitsa tochi kumtunda ndi kumunsi kwa msewu. Msewu umenewo ndi wowongoka, munthu umamuona ali kutali. Kunalibe aliyense. Nthawi yomweyo agalu onse anayamba kuuwa.

Anafunafuna usiku wonse, m'ngalande, kuseri kwa msika, m'nyumba zosamalizidwa. Ine ndinakafika kudepoti isanakwane 1 koloko, n'kukhala pabenchi mpaka basi yoyamba. Ndinali nditavala nsapato zosiyana, ndinazindikira tili kale m'njira. Achimwene anga aja ankaimba kuchokera kunja mphindi iliyonse.

Kunja kukuyera, a Kalipentala anaimba.

"Apezeka. Ali moyo."

Anawapeza ndi dalaivala wa galimoto yoperekera buledi. Anali atakhala pa siteji yakale ya basi, pamsewu umene unasiya kugwira ntchito mlatho watsopano utamangidwa. Kuchokera kunyumba ndi makilomita khumi ndi awiri. Bambo anga, amene bondo linkawaletsa kufika ngakhale kugolosale osapuma kawiri. Anali opanda nsapato, opanda jekete, milomo itachita mbuu ndi kuzizira. Dalaivala atawafunsa chimene akuchita pamenepo, anayankha mwaulemu kuti amaperekeza mwana wawo, ndipo wangokwera kumene.

Jekete lawo silinapezeke mpaka lero, m'nyumba ngakhale m'njira.

Nditafika masana, pakhomo panali anthu. Atandiona ndikutsika, amayi ena anabwerera m'mbuyo. Mwana wa a Kalipentala anathawira kuseri kwa mayi ake. Palibe amene anandipatsa moni mpaka nditalankhula nthawi yaitali, zinthu zosiyanasiyana, zoyankha zimene andifunsa.

Aliyense anali ndi maganizo ake pa nkhaniyi. Ena ankati ndi ukalamba, mutu wayamba kusokonekera. Ena ankati ndi akuba omwewo, anangochita mantha. Mayi wogulitsa makala anandikokera pambali n'kunong'ona kuti miyezi iwiri yapitayo, mumsewu wakumunsi, agogo ena okhala okha anatsegulira mawu a mwana wawo amene ali kutsidya kwa nyanja. Iwowo sanapezekebe. Anati chinthucho sichipita kunyumba zodzaza anthu. Chimadziwa makomo amene mawu amalowa tsiku lililonse koma mapazi salowa. A Kalipentala anangobwera ndi hamala n'kukhoma mpiringidzo wachiwiri, osandiyang'ana kumaso.

Madzulo anthu atabalalika ndinafunditsa madzi, n'kugwada kuti nditsuke mapazi a bambo. Ndinkayembekezera mabala ndi matuza. Munalibe ngakhale kamnga. Munali fumbi lochepa chabe, ngati la munthu amene wangoyenda pabwalo.

"Bambo," ndinatero, "mawu aja a bondo..."

"Siya zimenezo. Bondoli limanditopetsa inenso."

Ndinapukuta phazi limodzi, n'kutenga linalo.

"Munkalankhula chiyani njira yonseyo?"

"Iye sanalankhule. Ndinkalankhula ndine. Ndinamuuza za mayi ako, za ntchito, za nyumba ino. Ankangogwedeza mutu." Anayang'ana chikhatho chawo. "Dzanja lake linali lopepuka ngati pepala."

"Ndiye simunaone kuti si ine? Ndinakuuzani. Ndinakuonetsani chipinda changa."

Anandiyang'ana ndi diso lija limene linkaona tizitsulo ta m'wotchi. Munalibe kusokonekera kulikonse.

"Ndinadziwa, mayi wanga. Ndinadziwa ndisanatsegule."

"Nanga munatseguliranji?"

Anayang'ana chitseko, kenako madzi a m'beseni.

"Anali atabwera," anatero.

Ndinataya madzi kunja kusanade, n'kutseka mipiringidzo yonse iwiri. Bambo anagona msanga. Ine ndinakhala pampando uja mpaka m'mawa, pakamwa nditatseka ndi dzanja, kuti ngati mawu anga amveke m'nyumbamo, ndidziwe kuti sanachokere kwa ine.