Kabulangete ka Abwana

Ndikulumbira pa makina anga osokerawa, ngati ndikunama singano ithyoke lero lomwe. Ndikudziwa mumati telala ndi bodza ndi pachibale. Inde, ndine ndemwe ndinakuuzani kuti ndinasokerapo njovu kabudula. Koma iyi yokha ndi yoona, liwu lililonse.

Mwana wanga timamutcha Abwana, chifukwa m'nyumba muno nthawi yogona amalamula ndi iye. Ali ndi miyezi khumi ndi umodzi. Mayi ake anamwalira ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Anangodwala masiku anayi. Chimene anamusiyira ndi kabulangete kobiriwira kamene ankamufunditsa poyamwitsa. Konyansa, sindikubisa. Kothimbirira ndi mkaka ndi dovu, kona imodzi yonyowa nthawi zonse chifukwa choyamwa. Koma ukangomugunditsa pamphuno, basi, tulo.

Madzulo ena mlongo wanga anabwera kudzationa. Ine ndinali kalikiliki ndi mpendero wa diresi la kasitomala. Potuluka panja ndinapeza kabulangete kali pachingwe, kakudontha madzi.

"Achimwene, mwana mumamufunditsa chikolopa? Ndachapa kawiri, ndi sopo wonunkhira."

"Mwachapa mayi ake," ndinatero.

Anaseka. Kenako anasiya kuseka.

Katauma, Abwana anakanunkhiza kamodzi n'kukataya uko. Analira. Ndinamubereka kumbuyo, ine bambo wandevu zanga. Ndinamuimbira nyimbo zonse zimene ndimadziwa, mpaka za malonda a pawailesi. Botolo analikana. Kuchipatala anati sakudwala, mukangomugoneka. Ngati kuti tulo amagulitsa pagolosale. Tsiku lachitatu maso analowa m'kati. Anasiya kulira, n'kumangoyasama kukamwa popanda mawu. Kumeneko ndiye kulira koopsa, amene muli ndi ana mukudziwa.

Ndi mkwiyo ndinakapanira kabulangete kaja pachingwe, n'kutseka chitseko.

Chingwe chathu ndi chawaya, ukachigwira chimalira. Pakati pa usiku chinalira. Kunja kunalibe mphepo.

Ndinasuzumira pakatani. Panaima munthu wamkazi, atandifulatira. Wopanda nsapato. Anachotsa zopanira zovala n'kuziluma pakamwa. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankatero pakhomo pano. Anakumbatira kabulangete pachifuwa n'kuyamba kuyenda. Mapazi anayi kulowera kumpopi, anayi kubwerera, phewa lakumanzere likugwedezeka. Kayendedwe kameneko ndinakaonerera miyezi isanu ndi iwiri.

Kenako ndinamva nsalu ikung'ambika. Anatembenuka, anandiyang'ana pawindo paja, n'kumwetulira pang'ono.

M'mawa kabulangete kanali pachingwe. Kunja mame ali mbwee, koma iko kofunda. Fungo lija linali litabwerera: mkaka, mafuta odzola, thukuta la m'khosi mwake. Abwana anagona mpaka masana, podzuka n'kumaliza botolo lonse.

Koma ine ndine telala, diso langa ndi tepi. Kanafupika mainchesi awiri. M'mphepetemo simunadutse sizasi. Wong'ambayo anayamba ndi mano.

Fungolo limakhala masiku atatu okha. Likatha, mwana sagona, sadya. Ndimayanika, amabwera, amayenda mapazi ake anayi, amang'amba. Ndinayesa nzeru za ntchito yanga. Ndinasokerera chidutswa china cha mtundu womwewo, msoko wosaoneka, woti ngakhale mwini fakitale sangadziwe. M'mawa ndinachipeza pansi, ulusi atausolola wonse. Ndinayesa kuzoloweretsa mwana malaya anga. Anandiyang'ana ngati ndamununkhitsa anyezi.

Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene timawatcha a Wailesi, anandiimitsa pampopi. Chibadwire sindinawamvepo akulankhula motsitsa, koma tsiku limenelo ananong'ona.

"Atelala, musamayese sitikuona. Inu mukuti amabwera kudzagoneka mwana?"

"Nanga amadzatani?"

"Nayenso kumene aliko sakugona. Amadzatenga fungo la mwana wake. Aliyense ndi kabulangete kake, bambo."

"Ndiye kakadzatha?"

"Tepi muli nayo ndinu," anatero, n'kusenza ndowa yawo.

Ndayeza lero m'mawa. Kanali mainchesi makumi atatu, katsala anayi. Maulendo awiri. Abwana tsopano amakafumbata m'dzanja limodzi ngati mpango wa chimfine. Ndikapanda kuyanika, mwana akundithera m'manja ndikuona. Ndikayanika, kabulangete kakutha. Mlongo wanga sabweranso, amangotumiza moni. Kale ndinkadandaula kuti khanda limalanda munthu tulo. Lero ndimakhala m'mbali mwa mphasa n'kumawerenga mpweya wake, kuopa kuti wina angauwerenge ine ndisanatero.

Ndipo zopanira zija dzulo sindinazipeze pachingwe. Zinali pawindo la kuchipinda kumene mwana amagona, zitandandalikidwa bwinobwino, zili ndi zipsera za mano.

Chabwino, singano yanga isathyoke, chimodzi chokha ndawonjezera. Zija zoti anatembenuka n'kundimwetulira. Sanatembenukepo. Maulendo khumi ndi atatu ndaima pawindo paja, sanandiyang'aneko n'kamodzi komwe.