Lole ya ku Kelimane

Chiperoni chinali chitakuta Limbe ngati bulangete lonyowa tsiku limene a Ida anagwetsa ambulera pa siteji. Anawatolera ndi bambo wina wamtali, wowonda, wopachika pensulo kukhutu.

"Mayi, mwataya denga."

"Zikomo bambo. Komano bwezani, mukuyang'anitsitsa ngati mugula."

"Sindikuyang'ana ambulera ayi."

Ana inu! Munthu wa imvi mbuu kulankhula zotero oitanira minibasi akumva! Mumayesa chikondi n'cha inu nokha a mano onse?

Bamboyo anali a Lucius Zuze, kalipentala wa ku Nkolokosa, amene makolo awo anachokera ku Mozambique. Akazi awo anatisiya kale. A Ida nawo anali mayi wamasiye wa ku Chimwankhunda, wogulitsa kaunjika mumsika, mawondo atayamba kudandaula. Minibasi isanadzaze n'komwe, manambala anali atapatsana.

Foni ya a Ida, yomwe inkangolira pakagwa maliro, inayamba kulira m'mawa uliwonse.

"Mwadzuka bwanji duwa langa? Tiyi wandikanika, ndikuganiza za inu."

A Ida ankaigwirira patali foniyo, maso atatsinzina, n'kuyankha ndi chala chimodzi: "Imwani tiyi, akulu inu. Mungagwe."

Tsiku lina akuwaperekeza, a Lucius anaima, n'kuwagwira dzanja. Dzanja la a Lucius linali lozizira ngati mpope wa m'mamawa.

"Wapamtima, tauni ino yatidya mokwanira. Tiyeni kwathu ku Kelimane, kunyanja yamchere. Tikakhale pakhonde, kokonati akugwa yekha. Zaka zatitsalirazi tikadyere kumeneko. Komwe ndikagone ine, inunso pomwepo. Ndalumbira."

A Ida anali asanaonepo madzi oposa a mumtsinje wa Mudi. Mutu unadzaza. Akatsegula kanyumba ka tiyi. Akaphunzira Chipwitikizi, azikakangana nacho pamsika. Akalowa kwaya, akaponda mchenga opanda nsapato. Moyo wonse anali atachapira ena, kulera ena, kuika ena m'manda. Zaka zotsalazi ndiye zinali zawozawo.

Mwana wawo Tawonga sanasangalale.

"Amayi, munthuyu mwamuona bwino? Lamba akungoboola mabowo atsopano."

"Chikondi chimawondetsa, mwanawe."

"Nanga chifuwa chija?"

"Utuchi. Iwe unakwatiwa ndi wa mu ofesi, ungadziwe chiyani?"

Loweruka lina a Ida anapita kushedi kwa a Lucius. Anapeza matabwa a mbawa, ofiira psuu, osalala ngati tsaya la khanda.

"Taimani chilili, duwa langa," anatero a Lucius akusolola tepi. "Ndikupangireni mpando wotsamira, wa pakhonde paja."

Anawayeza kuchokera pamutu mpaka kuchidendene. Kenako mapewa.

"Mpando umafunanso mapewa?"

"Wopanga ine umafuna."

A Ida anaseka mpaka kugwira nthiti. A Lucius sanaseke. Anangolemba pathabwa, n'kubwezera pensulo kukhutu.

Chinkhoswe chinachitika, chaching'ono. A Ida anasiyira mnzawo benchi lamumsika, nyumba n'kupatsa Tawonga ndi mwamuna wake. A Lucius nawo anagawa zonse: sowo, hamala, ngakhale tepi ija.

"Nanga kumeneko mukagwira ndi chiyani?"

"Ntchito yanga ndamaliza."

Mawu ngati amenewo munthu amayenera kuwatembenuza, n'kuona kunsi kwake. Koma wokonda amamva? Khutu limasanduka chokongoletsa mutu.

Tsiku la ulendo chiperoni chinabweranso. Lole yonyamula katundu wawo inaima ku Limbe, makwangwala atandandalika pawaya. A Lucius anati athamangire kogula mankhwala. A Ida anatsala akunjenjemera, n'kufunsa dalaivala, a Friday.

"Achimwene, juzi yanga munaiika pati?"

A Friday anakanda m'mutu. "Mayi, bwanji mudikire adala abwere?"

"Ndife ndi mphepo chifukwa cha adala?"

"Ili m'bokosi lalifupilo. Ine ndinawauza kuti si bwino. Iwo anati malo asapite pachabe, lole njaing'ono."

A Ida anakwera, mawondo akulira, n'kukweza lona lofunditsa katundu.

Mayo!

Pansi pa matiresi panali mabokosi awiri a maliro, a mbawa, ogonekedwa moyandikana ngati mkwati ndi mkwatibwi. Lina lalitali. Lina lalifupi, lotakata m'mapewa. Anatsegula lalifupilo. Munali mapoto awo, makapu a kanyumba ka tiyi, ndi juzi ija, yopindidwa bwinobwino kumutu.

"Wapamtima…"

A Lucius anali ataima pansi, kajumbo ka mankhwala kali m'manja.

"Mpando wanga ndi umenewu, a Lucius?"

"Kumeneko matabwa abwino kulibe. Ndikanakusiyani mudzalowe m'bokosi la makatoni? Mkazi wa kalipentala?"

"Muli ndi chiyani m'thupimo? Nenani!"

A Lucius anayang'ana nsapato zawo. "Adokotala akuti mwina sindiona mvula ikubwerayi. Ana anga ali ku Joni, safuna za matewera a nkhalamba. Ndinaopa kufa ndekha, a Ida. Ndinaopa."

"Ndiye munafuna wokusambitsani."

"Ndinafuna inu!"

"Nanga mukapita, ine? Chilankhulo sindichidziwa, m'bale ndilibe. Ndizikakhala pakhonde n'kumayang'ana bokosi langa?"

"Malo ndinakonza kale, simudzavutika. Mayi a ana anagona kumanzere. Ine pakati. Inu kumanja."

Musaseke, ana inu. Munthuyu ankanena ndi mtima wonse, misozi ili mbwee, ngati akupereka mphete.

Mukuganiza kuti a Ida sankawakonda? Ankawakonda mpaka m'mafupa. A Lucius akanangonena zoona tsiku lija la dzanja lozizira, mwina a Ida akanapita ndithu, n'kukawasambitsa, n'kukawatseka maso. Koma kuyezedwa uli moyo, iwe n'kumaseka!

"Munandifunsa kuti tikadye zaka. Simunandifunse kuti tikadikire manda. Achimwene, tsitsani katundu wanga."

"Duwa langa, chonde! Ndinalumbira kuti sindikusiyani!"

"Tsitsani."

A Friday anayang'ana mapoto, makapu, zovala, n'kuona kuti zonsezo zilibe chonyamulira china. Anaitana anthu awiri, n'kutsitsa bokosi lonse, n'kuliika m'mbali mwa msewu. Amayi ogulitsa nthochi anasamutsa malichero awo. Oyenda pansi anayamba kuwolokera tsidya lina.

A Lucius anachonderera mpaka mawu anathera m'chifuwa. Dalaivala anati kuchipata cha m'malire ku Muloza amatseka, sangadikirenso. Nkhalamba inakwera kutsogolo movutika, phazi likuphonya chopondera. A Ida anafuna kuthamanga kuti akawagwirire. Anadzigwira okha, manja onse awiri pachifuwa.

Lole inalowa mu nkhungu, n'kuzimirira.

A Ida anatsala okha. Pokhala panalibe, ndiye anakhala pabokosi pomwepo. Benchi anapereka. Nyumba anapereka. Akamuuza chiyani Tawonga? Mvula yowaza inawanyowetsa mpaka duku linamata pamutu, iwo osasuntha.

Patapita nthawi foni inalira.

"Tadutsa Thyolo. Pambali pangapa palibe munthu. Mukangoti imani, tiima. Ndikuopa, a Ida."

Anawerenga kawiri. Misozi inagwera pagalasi, iwo n'kupukuta ndi chitenje. Chala chija chinalemba pang'onopang'ono:

"Muzimwa mankhwala. Muzifunda. Ine sindinafe, a Lucius."

Anatumiza, n'kuthimitsa foni. Kenako anadzuka, n'kukodola bambo wa wilibala amene ankawazemba kuseri kwa minibasi.

"Inu! Musathawe, mulibe munthu umu. Mwini wake ndine. Tiyeni kumsika."