Mdala Wokweza Mtengo wa Nyumba

Anakumana pa siteji ya minibasi ku Kaneshie, mvula ikukhuthuka. Araba, wogulitsa nsalu mumsika, anali atangouzidwa ndi landilodi kuti asamuke. Fiifi anamufunditsa ambulera.

"Nkhope yokongola chonchi, misozi ya chiyani? Ine ndimagulitsira anthu nyumba. Ilipo ina ku Kasoa, ngati anamangira inuyo."

Anakaiona, naikonda. Posakhalitsa anakondanso mwini ambulera. Analipira masedi ake monga chikole cha nyumba, ndalama yosabwezedwa.

Kenaka mauthenga anayamba.

"Duwa langa, kwabwera bwana wina wa migodi ya golide, akuifunanso. Tamvera wekha."

Araba anatsegula uthenga wa mawu. Linali liwu losasa la mdala wotsokomola asanalankhule: "Ehem! Ndiika masedi ena pamwamba."

"Fiifi, munthuyu alipodi? Bwanji sindinamuonepo?"

"Wapamtima, ukukayika ine? Sindinalonjeze kuti, 'M'nyumba imeneyi tidzameramo imvi limodzi'?"

Akanatani? Akabwerera m'mbuyo, chikole chapita. Akazengereza, landilodi amutayira katundu panja. Anawonjezera. Mdala uja anatsokomolanso. Anawonjezeranso, mpaka kugulitsa nsalu zamtengo wapatali za kente zimene anamusiyira malemu mayi ake. Nyumba anaipata, koma tulo tinamuthawa.

Linafika tsiku logogoda pakhomo pa makolo a Araba, akuchimuna atanyamula mabotolo a mowa kudzapempha mbeta. Pamwambowu mnyamata sadzilankhulira, amamulankhulira amalume ake. Araba anali kuchipinda, kudikira kuitanidwa.

"Ehem! Taona duwa m'munda mwanu muno..."

Araba anatchera khutu. Chifuwa chomwecho! Liwu lomwelo!

Atatuluka anamuona bwana wa migodi uja: amalume a Fiifi, nsapato zong'ambika kuphazi. Fiifi ankangomwetulira. Ndiye kuti pa mtengo wokwerawo anadyapo, nyumbayo n'kudzagonamonso?

Bambo ake anafunsa monga mwa mwambo: "Araba mwana wanga, mowawu tilandire?"

Araba anatembenukira kwa mdala uja. "Amalume, lero simuika ena pamwamba?"

Mdala anatsamwa. Fiifi anazyolika.

"Duwa langa, ndikufotokozere..."

"Musalandire, bambo."

Madzulo anabwerera yekha ku Kasoa, nadzikhomera m'kati. Nyumbayo inali yakedi, ndipo panalibe woti angaigule pa mtengo umene iye analipira. Anakhala pansi pa simenti, wopanda ngakhale nsalu ya mayi ake yopukutira misozi.

Kuseri kwa mpanda wina anatsokomola. Araba anatseka makutu.